Tsiku la penshoni linasuntha, kalata inachedwa: nkhani ya amayi a WASPI ku Britain

 

Ndapemphedwa kuti ndifotokoze nkhani imene yasokosa m'ndale za kuno ku Britain kwa zaka zoposa 10 tsopano. Ndi nkhani ya msinkhu umene mayi amayambira kulandira penshoni ya boma. Ena mwa inu mwawaonapo pa TV amayi achikulire ovala zapepo, atanyamula zikwangwani kunja kwa Nyumba ya Malamulo ku Westminster. Amenewo ndi amayi a WASPI. Dzina lonse ndi Women Against State Pension Inequality, kutanthauza amayi okana tsankho pa penshoni ya boma. Akuyankhulira amayi pafupifupi 3.6 miliyoni amene anabadwa pakati pa 6 Epulo 1950 ndi 5 Epulo 1960. Mwina wina akuti mumtima, za azungu izi, ine zikundikhudza pati? Dikirani pang'ono, mumva. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tiyambire kumayambiriro. Kuchokera m'chaka cha 1940, lamulo la dziko lino linkati mayi ayambe kulandira penshoni ya boma akakwanitsa zaka 60, bambo akakwanitsa 65. Zinakhala choncho kwa zaka 70. Mtsikana amene anayamba ntchito m'fakitale kapena m'sitolo ali ndi zaka 15 kapena 16 ankadziwa chinthu chimodzi: ndikafika 60 ndikapuma. Amayi ake anapuma pa 60, azakhali ake pa 60. Mapulani onse a moyo wake, ngongole ya nyumba, kusamalira makolo, kulera zidzukulu, ankawerengera tsiku limenelo.

Mu 1995, boma la Conservative lotsogozedwa ndi John Major linakhazikitsa lamulo lakuti msinkhu wa amayi ukwere pang'onopang'ono kuchoka pa 60 kufika pa 65, kuyambira mu Epulo 2010 mpaka 2020, kuti ufanane ndi wa abambo. Zifukwa zake zinali ziwiri. Choyamba, kufanana kwa amuna ndi akazi pamaso pa lamulo. Chachiwiri, ndalama, poti anthu anayamba kukhala ndi moyo wautali ndipo thumba la penshoni linkalemedwa. Kenako mu 2011, boma la mgwirizano la David Cameron ndi Nick Clegg, pofuna kuchepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, linafulumizitsa ndondomekoyo. Linati amayi afike pa 65 pofika Novembala 2018, ndipo onse, amuna ndi akazi, afike pa 66 pofika Okutobala 2020. Anthu atadandaula, boma linangofewetsa pang'ono, kuti pasakhale mayi amene lamulo latsopanoli limuwonjezere miyezi yoposa 18 pamwamba pa zimene lamulo la 1995 linamuwonjezera kale.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiwerenge ndi zala. Mayi wobadwa mu Disembala 1954 ankayembekeza penshoni mu Disembala 2014. Anailandira mu Disembala 2020. Zaka 6 zathunthu. Chitsanzo china: mayi wobadwa kumapeto kwa Epulo 1953 anayamba kulandira mu Julayi 2016, pamene mnzake wobadwa kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho anadikira mpaka Novembala 2018. Anthu osiyana miyezi 7 pobadwa, koma pa penshoni anasiyana zaka zoposa ziwiri. Mwamva kumene kumeneko, eti?

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa ambiri amasokoneza. Amayi a WASPI sakunena kuti msinkhu ubwerere pa 60. Iwo amavomereza kuti amuna ndi akazi afanane. Dandaulo lawo ndi lakuti boma silinawauze bwino komanso pa nthawi yake. Lamulo linadutsa mu 1995, koma unduna woona za ntchito ndi penshoni, umene timautchula kuti DWP, unayamba kulembera makalata mayi aliyense payekha mu Epulo 2009. Zaka 14, abale. Makalatawo anaimitsidwanso mu 2011, n'kudzapitirira mu 2012 ndi 2013. Choncho amayi ena anamva kuti tsiku lawo lasuntha atatsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri kuti akwanitse 60. Ena anali atasiya kale ntchito kuti asamalire mwamuna wodwala kapena mayi wokalamba, poganiza kuti ndalama zochepa zimene anasunga ziwafikitsa pa 60. Ena ukwati unatha ndipo chuma anagawana powerengera kuti mkaziyo alandira penshoni pa 60. Pa msinkhu wa zaka 59, ndani akulembe ntchito yatsopano? Mawondo atopa, msana watopa, ndipo mabwana akufuna achinyamata.

Boma silinganene kuti silinkadziwa. Kafukufuku wa unduna womwewo wa mu 2004 anasonyeza kuti mwa amayi okhudzidwa, 43 okha pa 100 alionse ndi amene ankadziwa msinkhu wawo watsopano. Ndipo bungwe lofufuza za chuma la Institute for Fiscal Studies linapeza mu 2017 kuti msinkhu utakwera kuchoka pa 60 kufika pa 63, mabanja a amayi a zaka 60 mpaka 62 anatsika ndi mapaundi 32 pa sabata mukawaphatikiza onse, ndipo umphawi pakati pawo unakwera.

Pali chinanso chimene ife omenyera ufulu wa amayi sitiyenera kuchilumpha. Amayi amenewa anawafananitsa ndi amuna pa mzere womaliza, pamene mpikisano wonse anathamanga atasenza mtolo. Lamulo lakuti mkazi ndi mwamuna alandire malipiro ofanana pa ntchito yofanana linadutsa mu 1970 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1975, ambiri a iwo atayamba kale ntchito. Mpaka 1977, mayi wokwatiwa ankaloledwa kusankha kudula ndalama zochepa za National Insurance, zimene sizinkamupatsa penshoni ya iye mwini, poganiza kuti adzadalira ya mwamuna. Ogwira ntchito ya maola ochepa, omwe ambiri anali amayi olera ana, makampani ambiri ankawakaniza kulowa m'thumba la penshoni la pa ntchito mpaka cha m'ma 1990. Ndiye mwamuna akafika 60 amakhala ndi penshoni ya kampani yomugwiriziza. Mkazi wake amangodalira ya boma basi. Ukasuntha ya bomayo, wasuntha chilichonse chimene ali nacho.

Gulu la WASPI linayambitsidwa mu 2015 ndi amayi asanu. Linakula kudzera pa Facebook, m'magulu a m'matauni, ndi polembera aphungu makalata osatopa. Gulu lina, lotchedwa BackTo60, linasankha njira ya kukhoti. Linkafuna kuti amayi abwezeredwe ndalama zonse ngati kuti msinkhu unakhalabe pa 60, ponena kuti lamulo linawasala chifukwa cha msinkhu ndiponso chifukwa ndi akazi. Linagonja ku High Court mu Okutobala 2019, linagonjanso pa apilo mu Seputembala 2020, ndipo mu 2021 Supreme Court inakana kumva mlanduwo. Oweruza anati Nyumba ya Malamulo inali ndi mphamvu yosintha msinkhu, komanso kuti palibe lamulo limene linkakakamiza boma kuuza munthu aliyense payekha.

Amayi a WASPI anadutsira ku ofesi ya Ombudsman, imene imafufuza madandaulo a anthu pa maunduna a boma. Kwathu ku Malawi tilinso nayo ofesi yotere, ndiye mukuidziwa. Mu Julayi 2021, Ombudsman anapeza kuti undunawu unalakwitsa kayendetsedwe ka ntchito: ukanayenera kuyamba kutumiza makalata pofika Disembala 2006, koma unachedwa ndi miyezi 28. Pa 21 Malichi 2024 anatulutsa lipoti lomaliza. Anati amayi amene anavulazidwa ndi kuchedwaku alandire chipukuta misozi cha pakati pa mapaundi 1,000 ndi 2,950 aliyense, ndipo anawerengera kuti akapatsidwa onse, boma lingawononge pakati pa mapaundi 3.5 biliyoni ndi 10.5 biliyoni. Poona kuti undunawo sukusonyeza mtima womvera, Ombudsman anatula lipotilo m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Iye alibe mphamvu yokakamiza boma kulipira. Amangolangiza, ndipo mwachizolowezi boma limamvera.

Apa ndi pamene ndale zinaonetsa maonekedwe ake. Pa chisankho cha 2019, chipani cha Labour chotsogozedwa ndi Jeremy Corbyn chinalonjeza mapaundi 58 biliyoni kwa amayi amenewa. Chinagonja. Pa zaka zimene Labour inali kotsutsa, akuluakulu ake, kuphatikizapo Keir Starmer ndi Liz Kendall, anajambulitsa ndi amayi a WASPI posonyeza kuti ali nawo limodzi. Lipoti la Ombudsman litatuluka, boma la Conservative linati likuliwerenga, ndipo linaliwerenga mpaka chisankho cha Julayi 2024 chinawapeza. Labour inapambana. Pa 17 Disembala 2024, Liz Kendall yemwe uja, tsopano ali nduna, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo. Anavomera kuti makalata anachedwa. Anapepesa. Kenako anati palibe chipukuta misozi chimene chiperekedwe.

Tiyeni tiwamvere nawonso, chifukwa mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Boma likuti kafukufuku wina wa mu 2006 anasonyeza kuti amayi 90 pa 100 a zaka 45 mpaka 54 ankadziwa kuti msinkhu wa penshoni ukukwera. Likuti anthu ambiri sawerenga kapena kukumbukira makalata amene sanawayembekezere, choncho kalata yofulumira sikanasintha zambiri. Likutinso Ombudsman mwiniwake sanapeze kuti kuchedwa kwa makalata ndi kumene kunawalanda ndalama mwachindunji, poti msinkhu unasinthidwa ndi lamulo. Ndipo likuti kupatsa aliyense ndalama mosasankha, kuphatikizapo amene ankadziwa, si chilungamo kwa okhoma msonkho. Palinso achinyamata amene akufunsa kuti, ife tidzapuma pa 68, nyumba sitingakwanitse kugula, bwanji tilipire anthu amene anapuma pa 66? Mafunso amenewa ndi olemera ndithu, tisawapeputse.

Koma yankho lilipo. Kudziwa kuti msinkhu ukukwera kwinakwake m'dziko n'kosiyana ndi kudziwa kuti iweyo, wobadwa mwezi wakutiwakuti, tsiku lako lasuntha ndi zaka zakutizakuti. Mayi akhoza kumva pa wailesi kuti zinthu zikusintha n'kumaganiza kuti zikukhudza ana ake. Ndi zimene kafukufuku wa 2004 uja anaonetsa. Chachiwiri, ngati makalata sathandiza, n'chifukwa chiyani unduna womwewo unaona kuti n'kofunika kuwatumiza, ndipo n'chifukwa chiyani nduna inapepesa kuti anachedwa? Chachitatu, chimene amayiwa anataya ndi mwayi wokonzekera. Munthu wouzidwa zaka 10 zisanafike akhoza kukhalabe pa ntchito, kusunga kambiri, kapena kukana kupuma msanga. Wouzidwa miyezi 18 isanafike wagwidwa kale. Ndipo chachinayi, chimene chikukhudza nzika iliyonse: boma likakhazikitsa ofesi yoti izilidzudzula, ofesiyo n'kufufuza kwa zaka zambiri, n'kupeza cholakwa, boma n'kuvomera cholakwacho koma n'kukana kukonza, ndiye mawa munthu wamba adzadandaula kuti?

Amayi a WASPI, motsogozedwa ndi wapampando wawo Angela Madden, anasonkha ndalama n'kukasuma kuti khoti liunikenso chiganizo cha boma. Mu Novembala 2025, mlandu usanalowe, nduna yatsopano Pat McFadden inati iganiziranso nkhaniyi chifukwa panatuluka kafukufuku wa unduna wa mu 2007 amene nduna yakale sinapatsidwe. Anthu anayamba kuona kuwala. Mu Januwale 2026 yankho linabwera, ndipo linali lomwe lija: pepani, koma ndalama ayi. Zipani za Liberal Democrats ndi SNP, pamodzi ndi aphungu ena a Labour yomweyo, akhala akunena poyera kuti amayiwa alipidwe. Pakadali pano wamng'ono kwambiri mwa amayiwa wadutsa zaka 65, ndipo ambiri amwalira akudikira.

Mayiko ena anakumana ndi funso lomweli ndipo analiyankha mosiyana. Ku Switzerland, mu Seputembala 2022, anthu anavota pa riferendamu kuti msinkhu wa amayi ukwere kuchoka pa 64 kufika pa 65. Zinadutsa movutikira, ndi mavoti ongopitirira theka pang'ono, koma m'lamulomo anaikamo ndalama yowonjezera kwa amayi obadwa kuyambira 1961 mpaka 1969 amene kusinthaku kunawapeza ali pafupi kupuma. Ku Poland, mu 2017, boma linabweza msinkhu kufika pa 60 kwa amayi ndi 65 kwa abambo. Zinakoma m'makutu, koma kumeneko penshoni imadalira ndalama zimene unasonkha, ndiye mayi wopuma msanga amalandira zochepa moyo wake wonse. Ku South Africa anafananitsa motsitsa: pakati pa 2008 ndi 2010, msinkhu wa abambo wolandirira ndalama ya okalamba unatsika kuchoka pa 65 kufika pa 60, wofanana ndi wa amayi. Mukuona kuti njira zofananitsira zilipo zingapo. Boma limachita kusankha, ndipo limasankhanso amene asenze mtolowo.

Tsopano ndibwere kwa ife. Pakati pathu pano pali amayi amene anabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ambiri anamwino ndi osamalira okalamba. Amene anafika ali ndi zaka 45 mu 2003 anabadwa mu 1958. Ameneyo ndi mayi wa WASPI, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Kwa ife ang'onoang'ono, msinkhu sunaime pa 66. Ukukwera kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028, ndipo lamulo limene lilipo likuti udzafika pa 68 pakati pa 2044 ndi 2046. Mu Julayi 2025 boma linayambitsanso ntchito younika msinkhuwu, choncho masiku amenewa akhoza kusunthanso. Inu amene mumanyamula odwala usiku wonse m'nyumba zosamalira okalamba, dzifunseni ngati msana wanu udzafike 67.

Ndikusiyireni zinthu zinayi zoti muchite, osati mwezi wamawa, sabata ino.

Choyamba, lowani pa webusaiti ya boma ya gov.uk, muone tsiku lanu la penshoni ndi ndalama imene mukuyembekezeka kudzalandira. Ndi zaulere. Musadikire kalata, mwamva zimene zinachitikira odikira kalata. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, werengani zaka zanu za National Insurance. Pa dongosolo latsopano limene linayamba mu Epulo 2016, pamafunika zaka zosachepera 10 kuti ulandireko kanthu, ndipo kawirikawiri zaka 35 kuti ulandire yonse, imene m'chaka cha 2025/26 inali mapaundi 230.25 pa sabata. Ambiri a ife tinafika kuno tili akuluakulu kale, zaka 35 sitidzazikwanitsa. Ndi bwino kudziwa lero kusiyana ndi kudzadzidzimuka pa 67.

Chachitatu, ntchito yosamalira ena ikhoza kuwerengedwa ngati mwaipempha. Mayi amene analembetsa Child Benefit m'dzina lake amawerengeredwa zaka mpaka mwana atakwanitsa 12. Wosamalira wodwala kapena wolumala maola 20 pa sabata akhoza kupempha Carer's Credit. Agogo olera zidzukulu zosakwana zaka 12 pamene makolo ali ku ntchito nawonso ali ndi njira yopemphera kuti zaka zimenezo ziwerengedwe. Amene mapepala anu ali ndi malire pa thandizo la boma, funsani alangizi kaye musanalembetse chilichonse.

Chachinayi, inu amene mukumanga nyumba kumudzi kuti mukapumire kumeneko, mvetserani. Penshoni ya boma la Britain imakutsatirani ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, koma ikafika kumeneko imaima. Kuno imakwera chaka chilichonse mu Epulo. M'mayiko amenewo imakhala pa mlingo womwe munachoka nawo mpaka kalekale, chifukwa palibe pangano lakuti izikwezedwa. Ikani zimenezi m'mapulani anu musanagule malata.

Kwa inu amene mukumvera muli kumudzi, ndikudziwa kuti ena mukuti, bola anzathuwo ali ndi penshoni yoti aikanganire. Zoona. Lamulo la penshoni la ku Malawi limakakamiza bwana kusonkha 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro, koma limafikira amene analembedwa ntchito. Mayi wolima, wogulitsa tomato pa msika, wopita ku ganyu, wolera ana amasiye, ukalamba umamupeza chimanjamanja, kupatula ochepa amene ali pa Mtukula Pakhomo. Phunziro la WASPI kwa ife ndi lakuti lamulo lililonse la penshoni kapena la okalamba likamakambidwa ku Lilongwe, amayi tikhalepo lisanadutse, ndipo tifunse mafunso atatu: likhudza ndani, adzauzidwa liti ndipo m'chiyankhulo chanji, nanga amene lawapeza pakatikati athandizidwa bwanji? Lamulo la 1995 linadutsa amayi okhudzidwawo ali ndi zaka za m'ma 30 ndi 40, ali kalikiliki ndi ana ndi ntchito. Phokoso lake linamveka patapita zaka 20.

Pomaliza, amene muli ndi ufulu wovota kuno, lemberani phungu wa dera lanu. Mufunseni mwaulemu koma mosapita m'mbali ngati akugwirizana ndi zimene Ombudsman ananena, ndipo yankho lake mulisunge mpaka chisankho chikubwerachi. Wandale akabwera kudzajambulitsa nafe, tizimupempha kuti alembe lonjezo lake, chifukwa chithunzi sichilipira lendi. Ndipo lero lomwe lino, aliyense aganizire mayi mmodzi wachikulire wa ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku ntchito amene intaneti imamuvuta, akhale naye pansi, amuthandize kuona tsiku lake la penshoni. Mutu umodzi susenza denga.